Za Kusankha Piki Yolizira Gitala

Gitala ndi chipangizo chachikulu ndi cha mtengo wapatali, koma chimene chimakhudza nsambo zake kuti zilire ndi kanthu kakang'ono, kolingana ndi ndalama yachitsulo. Oimba amakatcha pulekitiramu, ndipo ambiri amangoti piki. Dzinali lisasokoneze munthu: si piki ija yokumbira miyala pa mseu ai. Iyi ndi kachibenthu kopyapyala ka ngodya zitatu, kamene woimba amakapana pakati pa chala chamanthu ndi chala chamkombaphala. Anthu amasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule gitala, naisankha mosamala ndithu, koma piki amangotola iriyonse imene aipeza. Nkhani ino ndi ya mkulu wina wa ku Ulongwe amene anatsala pang'ono kuleka kuimba chifukwa cha kanthu kameneka, ndi ya zimene anaphunzira pofuna kupulumutsa dzanja lake pamodzi ndi nyimbo zake.

Dziko la Malambe ndi Nyimbo

Ulongwe ndi malo a malonda pa mseu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, m'dera la Mfumu Kalembo. Kale dera limeneli linali m'boma la Machinga, kufikira mu 1998 pamene Balaka anakhala boma palokha. Chakum'mawa kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango yosungiramo nyama ya Liwonde, ndipo chakumpoto kuli nyanja ya Malombe. Ndi dziko la chigwa, la malambe ndi thonje, lotentha koopsa m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala. Kutentha kumeneku kuli ndi gawo lake m'nkhani ino, pakuti pamene pali thukuta, chinthu chosalala sichikhalitsa m'zala.

Nyimbo za nsambo si zachilendo m'dera limeneli. Makolo ankaliza bangwe kalekale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikari obwerera kwao, pamodzi ndi amuna ochokera ku nchito ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni, anabwera nao magitala ndi mabanjo. Anyamata osowa ndalama anayang'anitsitsa zipangizo zimenezi, nayamba kudzipangira zao ndi zitini za mafuta, zikopa za mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga. Mu 1978 pa Balaka panabadwa gulu la Alleluya Band, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gululi munatuluka oimba omveka monga Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Mbiri ya gululi itafala, anyamata ambiri a m'midzi ya Balaka ndi Machinga analakalaka kugwira gitala.

Chizolowezi cha Dzanja

Mmodzi wa anyamata amenewo lero ndi mkulu wa imvi, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Ulongwe. Banjo yake yoyamba anaipanga yekha ali mbusa wa mbuzi. Nsambo zake zinali mawaya a mabuleki, olimba ndi okhakhala, otha kung'amba chikhadabo cha munthu tsiku limodzi lokha. Motero anadula kachibenthu ka beseni losweka la pulasitiki, nakanola pa mwala. Imeneyo ndiyo inali piki yake yoyamba. Mkulu amene anamphunzitsa kukunga nsambo ankalizira yake ndi sikisi, ndalama yachitsulo ya mapeni 6, imene inamtsalira m'thumba pamene kwacha ndi tambala zinalowa mu 1971.

Masiku amenewo m'midzi munalibe zokuzira mau. Woimba pa ukwati kapena pa mowa ankalimbana ndi ng'oma, nthungululu za amai ndi mapazi a ovina. Kuti amveke, mnyamatayo ankamenya nsambo ndi mphamvu zake zonse, ndipo kuti piki isauluke, ankaipana zolimba ngati akupana nati ndi pulayazi. Chizolowezi chimenechi chinakhazikika m'dzanja lake. Patapita zaka anagula gitala yeniyeni kwa munthu wobwera ku Joni, ndipo pambuyo pake mpingo wao unapeza zokuzira mau. Mphamvu zija sizinafunikenso, koma dzanja silinaiwale. Linapitiriza kupana monga linaphunzirira pa ubusa.

Pamodzi ndi gitalayo analandira piki ya m'sitolo, yopyapyala, yonyezimira ngati galasi, ya maanga okongola. Iye anaikonda kwambiri, nayesa kuti tsopano wapeza chinthu chenicheni cha akatswiri. Itatha, anafuna ina yonga yomweyo, ndipo anachita chotero zaka zambiri. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Piki yokongolayo inali yoterera, ndipo kuterera kwake kunaonjezera mphamvu ya kupana kuja.

Dzanja Likana

Mlungu wonse dzanja lake lamanja limagwira sipanala ndi pampu. Loweruka limaliza gitala pa maukwati, ndipo Lamulungu limaliza m'tchalitchi. Atakula, anayamba kumva ululu pa tsinde la chala chamanthu, pamene chalacho chimalumikizana ndi dzanja. Poyamba ululuwo unkabwera nyimbo zitatha, koma m'kupita kwa nthawi unayamba kumpeza nyimbo ziri pakati.

Chimene chinamgwetsa mphwayi chinachitika pa ukwati wina mwezi wa Okotobala, dzuwa liri paliwombo. Thukuta linatsika mkono wonse kufikira ku zala. Piki inampulumuka kawiri nigwa pansi. Kachitatu inagwera m'bowo la gitala, nthawi ya perekaniperekani, abale a mkwatibwi ataimirira kale ndi ndalama m'manja. Anatembenuza gitalayo naigwedeza pamaso pa khamu lonse, ndipo anyamata anaseka. Atafika kunyumba anaipachika pa msomali, osaikhudzanso milungu ingapo.

Kumeneku sikunali kutaya chisangalalo chokha. Ndalama za pa maukwati ndizo zinkathandiza kugula feteleza ndi kulipirira mwana wotsiriza ku sekondale. Ndiponso kwaya ya pa mpingo inatsala yopanda woitsogolera ndi nsambo. Tsiku lina mkazi wake anati, "Abambo, kodi gitala ija yalakwanji kuti idzidyedwa ndi fumbi? Ngati ndi dzanja, pitani kuchipatala akalione." Iye anapita. Wachipatala anapima chalacho, nafunsa nchito zimene amagwira, namuuza kuti mfundo ya chalacho yatopa ndi kupana zinthu zazing'ono mwamphamvu zaka zambiri. Anampatsa mankhwala ochepetsa ululu, namlangiza kuti apumitse dzanjalo, ndi kuti chiri chonse chogwira ndi zala ziwirizo achigwire mofewa. Mkuluyo anabwerera wodabwa. Kodi munthu angagwire bwanji mofewa chinthu chimene chikufuna kuthawa?

Kabokosi ka Machesi

Nyengo ya Khrisimasi kunafika mwana wa mlongo wake, amene amagwira nchito ku Johannesburg ndi kuliza gitala m'gulu la mpingo kumeneko. Atamva nkhaniyo, anatulutsa kabokosi ka machesi, nakhuthulira pa mphasa mapiki khumi, osiyana maonekedwe, kukula ndi kuchindikala.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "mwakhala mukuvala nsapato ya saizi imodzi moyo wanu wonse, osadziwa kuti m'sitolo muli masaizi ena. Tayesani awa."

"Mwanawe, piki ndi piki," anayankha mkuluyo. "Pulasitiki angasiyane bwanji ndi pulasitiki mnzake?"

Mnyamatayo anamuonetsa manambala olembedwa pa mapikiwo. Manambalawo amanena kuchindikala kwa piki pa muyeso wa milimita. Yosafika 0.60 amaiyesa yopyapyala. Ya pakati pa 0.60 ndi 0.80 ndi yapakatikati. Yopitirira pamenepo ndi yochindikala, ndipo iripo ina yofika mamilimita 2 kapena 3, yosapindika konse. Kampani ya Jim Dunlop ya ku America, imene inayamba kupanga mapiki otchedwa Tortex mu 1981, imasiyanitsa miyeso ndi mitundu: yofiira ndi 0.50, yonga lalanje ndi 0.60, yachikasu ndi 0.73, yobiriwira ndi 0.88, yabuluu ndi 1.0, ndipo yapepo ndi 1.14. Chotero ngakhale munthu amene maso ake saona bwino manambala ang'onoang'ono angathe kuzindikira yake.

Mapiki amasiyananso pa zimene anapangira. Kale ku Ulaya ndi ku America akatswiri ankakonda piki ya chigoba cha kamba wina wa m'nyanja zamchere, amene amapezekanso m'nyanja ya India, ku gombe la Mozambique. Akamba amenewa anaphedwa ochuluka chifukwa cha zipeso, zokongoletsera ndi zina zotere, kufikira anatsala pang'ono kutha. Pangano la CITES, limene maiko anagwirizana mu 1973, ndilo linadzaletsa malonda a chigoba chimenechi pakati pa maiko. Koma ngakhale chiletsocho chisanafike, mu 1922, munthu wina wochokera ku Italy wokhala ku New York, dzina lake Luigi D'Andrea, anali atayamba kudula mapiki a pulasitiki wotchedwa seluloidi. Maumbidwe ake a nambala 351, a mapewa ozungulira ndi nsonga imodzi, ndiwo afala kwambiri pa dziko lonse. Pambuyo pake kunabwera mapiki a nailoni, ndi ena a pulasitiki wosanyezimira wonga uja wa Tortex.

Mkuluyo anatola piki yake yakale, naiyerekeza ndi inzake. Inali ya seluloidi, yopyapyala kuposa onse a pa mphasapo. Pamenepo anavomera kuyesa. Mnyamatayo anamsiyira kabokosiko, ndipo kwa milungu yambiri, madzulo ali onse ataweruka ku njinga, mkuluyo ankatenga piki imodzi ndi kuifunsa mafunso atatu.

Funso Loyamba: Kodi Dzanja Likupuma?

Anayamba ndi dzanja, popeza ndilo linali kudwala. Anapeza kuti nyimbo imodzi siikwanira kuweruza piki. Iri yonse imakoma pa mphindi ziwiri zoyamba. Choonadi chimaoneka munthu ataliza theka la ora osapuma, monga amachitira pa ukwati.

Mwa mapikiwo munali kena kakang'ono, kochindikala, ka nsonga yakuthwa, kotchedwa Jazz III, kamene mwana wa mlongo wakeyo anakakonda koposa. M'zala zazikulu za wokonza njinga kanthuka kanangomira, ndipo kuti akagwire anayenera kupinda chala chamanthu kwambiri. Ululu unabwera msanga. Koma munalinso piki yaikulu ya mbali zitatu zofanana, imene olizira besi amaikonda. Imeneyi inadzaza bwino pansi pa chala, ndipo chalacho chinagona chowongoka. Apa anaphunzira kuti kukula kwa piki kuyenera kutsata kukula kwa zala. Piki yaikuluyo iri ndi ubwino winanso: nsonga zake zonse zitatu zimagwira nchito, motero imodzi ikatha munthu amangotembenuza.

Anaphunziranso kagwiridwe. Piki imagona pa mbali ya chala chamkombaphala chopindika pang'ono, ndipo chala chamanthu chimangoitsamira pamwamba. Nsonga yotulukira kunja ikhale yaifupi, pakuti ikatalika imakodwa pa nsambo. Kuyenda kuchokere pa mfundo ya dzanja, phewa ndi chigongono ziri phee.

Funso Lachiwiri: Kodi Ikukhala M'zala?

Funso iri analiyesa masana dzuwa likutentha, chifukwa piki imene imakhala bwino m'mamawa kukuzizira ingathe kuthawa masana. Ya seluloidi inaterera thukuta litangoyamba. Ya nailoni inali ndi timizere ndi zilembo zotukuka pogwirira, ndipo inakhala nthawi yaitali. Ya pulasitiki wosanyezimira inamveka ngati iri ndi kaufa pamwamba, niumirira pa khungu ngakhale lonyowa.

Nzeru yoposa inachokera ku nchito yake yomwe. Wokonza njinga amadziwa kuti chigamba sichimamatira pa chubu chosalala, ndipo amayamba wapala malowo kuti akhakhale. Mkuluyo anatenga pepala lake lopalira chubu, napala piki pogwirira pokha, mbali zonse ziwiri, osakhudza nsonga. Pa ina anacheka timizere topingasa ndi mpeni. Pa ina anaboola timabowo titatu ndi sipoko yosongoka, kuti khungu la zala ziwiri lidzikomana m'timabowomo. Poboola sanatenthe chitsulo pa moto, pakuti mnyamata uja anamchenjeza kuti seluloidi imayaka msanga ngati udzu wouma.

Potsiriza anadula kachidutswa kopyapyala ka mphira ya chubu, nakamata pogwirira. Apa anapindula kawiri. Mphira siiterera, ndiponso pogwirira panachindikala, mwakuti zala sizinafunikenso kupanikizana kwambiri. Ndi chifukwa chomwecho cholembera chonenepa chimapeputsa dzanja la munthu wachikulire kuposa chowonda. Tsono anamvetsa mau a wachipatala aja. Dzanja limapana chifukwa likuopa kutaya. Piki ikaleka kuterera, mantha amatha, ndipo zala zimamasuka zokha popanda kuziuza.

Funso Lachitatu: Kodi Mau Ake Ngotani?

Pa funso iri anapempha mkazi wake kuti akhale patali, pansi pa nkhokwe, namvetsere, chifukwa woimba samva gitala yake monga amaimvera anthu a kutsogolo kwake.

Piki yopyapyala imapindika isanasiye nsambo. Chifukwa cha ichi mau ake amakhala opepuka ndi akuthwa, ndipo pamamveka kaphokoso ka "tche, tche" pamene pulasitiki akugunda mawaya. Kaphokoso kameneka kamakoma pokwapula nsambo zonse pamodzi, monga pothandiza kwaya, chifukwa kamaonetsa mayendedwe a nyimbo ngati chisekese. Koma piki yotere iri ndi malire. Ngakhale munthu amenye chotani, iyo imangopindika, ndipo mau sakula. Mkuluyo anazindikira kuti zaka zonsezi ankathira mphamvu m'chinthu chimene chinkataya mphamvuzo.

Piki yochindikala siipindika. Mphamvu yonse ya dzanja imafika pa nsambo, ndipo mau amatuluka odzaza, onenepa ndi okwera, ngakhale munthu akhudze pang'ono. Ndiyo yoyenera woliza lidi, amene amatola nsambo imodziimodzi mofulumira, pakuti liu limatuluka nthawi yomweyo osachedwa. Koma pokwapula nsambo zonse imafuna dzanja lofewa, kuti ipendekeke yokha podutsa. Woipana zolimba amatulutsa mau aukali, ndipo amadula nsambo.

Nsonga nayo iri ndi liu lake. Yosongoka imapatsa mau omveka bwino ndi akuthwa. Yozungulira imapatsa mau ofatsa. Oimba ena amatembenuza piki ndi kulizira ndi phewa lake lozungulira pa nyimbo za maliro. Malo okhudza nsambo amasinthanso mau: pafupi ndi pomangira nsambo kumunsi mau amauma, ndipo pafupi ndi khosi la gitala amafewa.

Anayesanso ndalama yachitsulo pokumbukira mphunzitsi wake uja. Mau ake anali owala ngati belu. Mphunzitsiyo sanali yekha pa nzeru imeneyi, pakuti Brian May, woliza gitala wa gulu la Queen la ku England, amadziwika ndi kulizira sikisi yakale, imene m'mphepete mwake muli timano. Koma chitsulo chimadya nsambo ndi kukanda thabwa la gitala, ndipo kwa munthu wa ku Ulongwe, amene nsambo zabwino amaziitanitsa ku Blantyre kapena ku Joni, kumeneku ndi kuononga ndalama. Anaibweza m'thumba.

Pamene anafika pa piki yapakatikati ya 0.73, mkazi wake anaitana ali pansi pa nkhokwe paja, nati, "Abambo, imeneyo ndiyo! Gitala yayamba kulankhula, kale inkangokalipa." Chodabwitsa nchakuti nthawi imeneyo iye sanali kumenya konse. Anali atangotsamiritsa chala pa mphira, dzanja likuyenda lokha.

Mafunso Atatu, Yankho Limodzi

Mkuluyo anayamba kuyesa akuganiza kuti mafunsowo ngosiyana, ndi kuti adzayenera kutaya limodzi kuti apeze linzake. Anapeza kuti ngolumikizana ngati unyolo wa njinga. Piki yoterera imachititsa zala kupana. Zala zopana zimaumitsa mfundo ya dzanja. Dzanja louma limapweteka, ndiponso limatulutsa mau aukali. Kutembenuza unyolowo, piki yokhazikika imamasula zala, zala zomasuka sizitopa msanga, ndipo nsambo yokhudzidwa mofewa imalira mau ake onse. Chifukwa chake wosankha piki ayambe ndi zala zake, ndipo makutu adzakondwa pambuyo pake. Wosankha ndi maso okha, kapena chifukwa chakuti katswiri wakutiwakuti amagwira yotere, ayenera kukumbuka kuti katswiriyo ali ndi zala zake, nsambo zake ndi nyimbo zake.

Kudzipangira

Mapiki a m'sitolo sapezeka kawirikawiri m'misika ya kumidzi, ndipo piki ndi chinthu chosachedwa kutayika. Mkuluyo atadziwa muyeso womuyenera, anayamba kufunafuna pulasitiki wolingana nao. Anapeza kuti khadi lija limene munthu amathyolamo simukhadi ya foni, ndi khadi lakubanki lotha nchito, liri ndi kuchindikala kwa milimita 0.76, pafupifupi piki yake yachikasu ija. M'khadi limodzi amadulamo mapiki awiri aakulu. Chiphaso cha unzika chokha, chimene Amalawi anayamba kulandira mu 2017, ndicho munthu asayerekeze kuchidula, pakuti nchito yake ndi yaikulu koposa nyimbo.

Chigubu cha mafuta ophikira chimapatsa piki yofewa, ya mau ofatsa, yoyenera banjo ya mawaya okhakhala, chifukwa ikatha munthu sadandaula. Nyanga ya ng'ombe yopalidwa bwino imapatsa piki yolimba ya mau owala. Popanga, amagoneka piki yakale pamwamba, nalemba mozungulira ndi msomali, nadula ndi sizasi yolimba. Nchito yaikulu iri m'mphepete. Amasalaza ndi tupa, kenaka ndi pepala lopalira, napera nsongayo mopendeka pang'ono mbali zonse ziwiri, natsiriza poipukuta pa nsalu yolimba kufikira chala chisamve pokhakhala pali ponse. Mphepete yokhakhala imakoka nsambo, imatulutsa phokoso lokanda, ndipo imafupikitsa moyo wa nsamboyo. Piki ya m'sitolo yomwe ikayamba mano iyenera kusalazidwa chimodzimodzi, kapena kutayidwa.

Zala Zokha

Pali masiku ena, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene chala chija chimakana ngakhale piki yabwino. Masiku otere mkuluyo amaika piki m'kabokosi, nalizira ndi zala zokha, chamanthu pa nsambo zazikulu ndi chamkombaphala pa zazing'ono. Kalizidwe kameneka nkakale ndi kolemekezeka mu Afrika. Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga, amene Hugh Tracey anajambula nyimbo zake mu 1952, ankaliza chotero. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anatchuka kufikira ku Ulaya ndi kalizidwe ka zala ziwiri komweko. Mau a zala ngofatsa, ndipo pa khamu lalikulu lopanda zokuzira mau samveka patali, koma m'tchalitchi m'mawa amakhudza mtima. Kulinso piki yovala pa chala chamanthu ngati mphete, imene siifuna kupana konse, ndipo mwana wa mlongo wake analonjeza kudzabwera nayo ulendo wotsatira.

Ululu uja sunathe wonse, pakuti mfundo yotopa siibwerera ku unyamata. Koma wachepa kwambiri, ndipo mkuluyo amaliza ukwati wathunthu, nadzuka m'mawa mwake nagwira sipanala. M'thumba la malaya ake mumakhala kabokosi ka machesi ka mapiki atatu: yaikulu yapakatikati ya mphira, imene amagwira masiku onse, yopyapyala yothandizira kwaya, ndi yochindikala ya nyimbo zimene amatsogolera yekha. Kajazi kakang'ono kaja anakabwezera kwa mwini wake, amene amakalizira bwino ndithu ndi zala zake zowonda.

Anyamata a kwaya akabwera kudzaphunzira, nafunsa kuti, "Agogo, piki yabwino ndi iti?" iye sawatchulira dzina kapena nambala. Amakhuthula mapiki onse pa mphasa, nawauza kuti abwere masana dzuwa likutentha, aliyense alize nyimbo zisanu osapuma, mnzake atakhala patali kumvetsera. Akatha amawafunsa ngati chala chikupweteka, ngati piki inatembenuka m'zala, ndi zimene womvetsera uja wamva. Kuona maso a nkhono nkudekha, amatero, ndipo ambiri amasankha atayesa masiku angapo. Amene wapeza yake amapatsidwa khadi lakale, sizasi ndi pepala lopalira chubu, kuti adzipangire ziwiri zofanana nayo, imodzi ya m'zala ndi ina yosungira tsiku limene yoyambayo idzagwera m'bowo la gitala.